Lembo la Liwu

M'kombi yochoka pa Copacabana ndakhala pa injini,
kope pa maondo, chigongono cha mwini wake m'nthiti,
ndikung'ung'udza ngati wopemphera korona:
trinken, trank, getrunken.
Kondakitala akuti ndisunthe. Ndasuntha.
finden, fand, gefunden.

Mayi Mandizvidza, amene anazizidwapo ku Leipzig ali mtsikana,
analemba pa bolodi malembo atatu okha: i, a, u.
Anati, aneni awa samvera lamulo, koma ali ndi mabanja.
Mukaloweza mmodzimmodzi mufa ndi mutu.
Dziwani banja, mwana mudzamuzindikira ndi mphuno.

Kwathu mneni ndi waulemu.
Nthawi amaivala kumutu ngati chipewa,
ndinamwa, ndikumwa, ndidzamwa,
tsinde lili phee.
Wa Chijeremani nthawi imamulowa m'mimba.
Malembo opanda liwu ali chiimire ngati makoma,
koma ukagogoda, akutsegulira ndi munthu wina.

Ku Mufakose magetsi athimanso.
Ndikuwerengera kuwala kwa foni,
bambo akufunditsa nsalu makina awo osokera.
Kodi iwe, akutero, ukutukwana yani?
Ndi aneni, bambo, aneni opulupudza.
bleiben, blieb, geblieben, ndiko kukhala, kutsala.
Malembo awiri angosinthana mipando,
basi, lero lasanduka dzulo.

Bambo aseka mpaka chifuwa chiwatsamwa.
Iwo anabadwa Lufeyo,
mwana wa munthu amene anachoka ku Ntcheu wapansi
ndi bulangeti limodzi ndi lumo.
Kalaliki wa zitupa analemba Rufeyo,
n'kuwonjeza pakona chilembo chonena kuti mlendo.
Zaka zonsezi ayankha dzina limenelo pa mzere wa ku chipatala,
pa malisiti a lendi, pa maliro a anzawo.
Ine anandigwetsera khoma la kumaso, akutero,
koma kuchipinda sanafikeko.

Sindinayankhe.
Pasipoti yanga ili m'chitini cha mabatani,
dzina lalembedwa bwinobwino, Yasinta, palibe cholakwika.
Makoma ndipita nawo onse.
Chimene ndikuopa n'cha m'katimo.

Lachitatu tinafika pa banja la e, a, o.
helfen, half, geholfen, kuthandiza.
sprechen, kulankhula. nehmen, kutenga.
sterben, starb, gestorben.
Anzanga anadabwa kuti kuthandiza ndi kufa n'pachibale.
Ine ayi.
Zaka zinayi ndatembenuza odwala ku Parirenyatwa,
ndawasambitsa, ndalankhula nawo, ena ndawatseka maso,
zonsezo usiku umodzi, ndi manja omwewa.
Tsopano ndikachite zomwezo kwa nkhalamba za eni
m'tauni imene dzina lake limandikanda pakhosi.

Ndinakweza mkono: nanga gehen, kupita?
gehen, ging, gegangen, kwawo n'kuti?
Mayi Mandizvidza anapukuta choko m'manja.
Ameneyo alibe abale, anati. Mungomuloweza yekha.

Mayeso ndi Loweruka.
Bambo atenga jekete la pa kaunjika wa ku Mbare,
akulisokera nsalu ina m'kati kuti lichindikale,
ulusi pakamwa, diso limodzi lotsinzina.
Nanga kubwera amati chiyani?
kommen, kam, gekommen.
Bwerezanso.
Ndabwereza.
Ndiye kuti o uja wachoka pakatipo?
Wachoka, bambo.
Koma kumapeto wabweranso pamalo pake?
Wabweranso.

Aluma ulusi, aulavula pambali.
Ameneyo yekha ndiphunzitse, enawo ndi ako.
Ndipo m'mdima wa pakhonde, udzudzu ukulira,
akuyesa ndi lilime la ku Ntcheu
losalola liwu kutha lisanatsegule pakamwa:
komeni,
kamu,
gekomeni.